Munthu amadzuka wamtali n'kukagona wamfupi: zomwe zimachitika mumsana wa wogwira ntchito ku Peckham ndi kumudzi

Pa msewu wa Rye Lane ku Peckham, kumwera chakum'mawa kwa mzinda wa London, ntchito imayamba kusanayere. Amalonda amatsitsa makatoni a nsomba, nthochi zophika, zilazi ndi matumba a mpunga m'magalimoto. Pamalo okwerera basi pamakhala anthu osamalira okalamba ndi odwala m'makomo, ambiri mwa iwo ochokera m'maiko a mu Africa, akuthamangira kukadzutsa munthu woyamba, kumusambitsa ndi kumuveka. Nthawi ngati yomweyo ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angónia, mlimi amakhala atawerama ndi khasu, ndipo mayi amakhala akusenza ndowa yamadzi kuchokera pamjigo.

Anthu onsewa ali ndi chinthu chimodzi chofanana chomwe ambiri sachidziwa. Pa ola limenelo amakhala aatali kuposa momwe akhalire madzulo, ndipo msana wawo umakhala wosapirira kuwerama kuposa nthawi ina iliyonse ya tsiku. Zonse ziwirizi zimachokera ku madzi omwe amalowa ndi kutuluka mumsana tsiku lililonse.

Nkhata zapakati pa mafupa

Msana si fupa limodzi. Kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno muli mafupa 24 osanjikizana: 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa chifuwa ndi 5 m'chiuno. Pakati pa mafupawa pali tinthu tofewa tozungulira tomwe madokotala amati madisiki. Munthu ali ndi madisiki 23, ndipo onse pamodzi amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kwa msana. Ntchito yawo ikufanana ndi ya nkhata yomwe mayi amaika pamutu asanasenze mtolo wa nkhuni: kulandira kulemera ndi kukumwaza kuti fupa lisakhulane ndi linzake.

Disiki iliyonse ili ndi zigawo ziwiri zikuluzikulu. Kunja kuli khoma la ulusi wolimba wokulungana mizeremizere, ngati mkati mwa tayala lagalimoto. Pakati pali phala lokhuthala, lomwe mwa wachinyamata pafupifupi magawo 80 mwa 100 alionse amakhala madzi. Phalali lili ndi tinthu tina tomanga thupi totchedwa proteoglycan, tomwe timakoka madzi monga momwe mchere umakokera chinyezi nthawi ya dzinja. Disiki ikapanda cholemetsa, imayamwa madzi n'kufufuma. Ikapanikizidwa, madzi amafinyika pang'onopang'ono n'kutuluka kudzera m'khoma lija ndi m'timibowo ta mafupa omwe yagundana nawo kumwamba ndi kumunsi.

Choncho mkati mwa disiki muli kukokanakokana kosatha. Masana, munthu akaimirira, akakhala pansi kapena akanyamula katundu, kulemera kwa thupi ndi kukoka kwa minofu ya msana zimapambana, madzi n'kumatuluka. Usiku akagona, kupanikiza kumachepa, phala lija n'kubweza madzi ake. Ofufuza amawerengera kuti madzi omwe disiki ya m'chiuno imataya masana n'kubweza usiku angafike gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi ake onse.

Mbusa amene anapulumutsa asilikali

Nkhani yoti kutalika kwa munthu kumasintha pa tsiku si yachilendo ku England. M'chaka cha 1724, bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society ku London linasindikiza kalata ya Joseph Wasse, mbusa wa mpingo wa m'mudzi wa Aynho ku Northamptonshire, yomwe analembera dokotala wotchuka Richard Mead. Mbusayu anadziyeza yekha ndiponso anayeza anthu ena, ndipo anapeza kuti munthu amatha kufupika ndi pafupifupi inchi imodzi pakati pa m'mawa ndi usiku. Anafotokozanso kuti ataona asilikali ena akuchotsedwa ntchito chifukwa chopelewera pang'ono pa msinkhu wofunika, anauza mkulu wawo za kusinthaku, ndipo ena mwa iwo anapulumuka.

Patapita zaka zoposa 250, akatswiri a ku Liverpool, Thomas Reilly, Adrian Tyrrell ndi Duncan Troup, anayeza nkhaniyi ndi chipangizo chosaphonya. Zotsatira zawo, zomwe zinatuluka mu 1984 ndi 1985, zinaonetsa kuti anyamata omwe anawayeza ankafupika ndi mamilimita pafupifupi 19 pa tsiku, kutanthauza kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 100 a kutalika kwawo. Chofunika kwambiri chinali liwiro la kusinthaku. Kuposa theka la kufupika konse kunkachitika mu ola loyamba munthu atadzuka, ndipo pomwe ankatha maola anayi ali chilili, magawo oposa 80 mwa 100 anali atapita kale. Usiku, mbali yaikulu ya kutalikako inkabwerera m'theka loyamba la tulo.

Kafukufuku wina wakale, wa mu 1935, yemwe anayeza anthu oposa 1,200, anaonetsa kuti kusinthaku n'kwakukulu mwa ana ndipo n'kochepa mwa okalamba. Chifukwa chake n'chakuti munthu akamakula, tinthu tokoka madzi tija timachepa, ndipo phala la m'kati mwa disiki limauma pang'onopang'ono n'kusanduka ulusi.

Chifukwa chake m'mawa ndi nthawi yosamala

Wina angaganize kuti disiki yodzaza madzi ndiyo yotetezeka kwambiri. Pa nkhani ya kuwerama, zili mosiyana. Disiki yofufuma ili ngati tayala la njinga lopopedwa mopitirira: ndi lolimba, khoma lake ndi lokungika, ndipo silivomera kupindika. Munthu akawerama disiki ili chomwecho, ulusi wa kumbuyo kwake umakokedwa mwamphamvu, phala lija n'kukankhidwira komweko.

Mu 1987, akatswiri atatu a ku Britain, Michael Adams, Patricia Dolan ndi William Hutton, anawerengera kuti munthu akawerama mpaka pansi atangodzuka, mphamvu yopinda yomwe imagwera madisiki a m'chiuno imakhala yochuluka pafupifupi kanayi poyerekeza ndi ya madzulo. Ichi n'chifukwa chake anthu ambiri amavutika kuvala sokosi kapena kumanga zingwe za nsapato m'mawa, pomwe masana amachita zimenezo mosavuta.

Mu 1998, gulu la ofufuza a ku America lotsogoleredwa ndi Stover Snook linayesa ngati chidziwitsochi chingathandize odwala. Anthu omwe ankavutika ndi msana kwa nthawi yaitali anaphunzitsidwa kupewa kuwerama m'maola oyambirira akadzuka. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, masiku awo a ululu anachepa poyerekeza ndi a anzawo omwe sanalandire malangizowo. Anali kafukufuku wa anthu ochepa, koma uthenga wake ukugwirizana ndi momwe disiki imagwirira ntchito.

Madzulo nawo ali ndi zawo. Disiki ikaphwa, mafupa amayandikana, ndipo mbali ina ya kulemera imasamukira ku timfundo ta kumbuyo kwa msana ndi ku khoma la disiki. N'chifukwa chake ena amamva msana kuwawa akaweruka, makamaka atatha tsiku lonse ali chiimire, ndipo amapezako bwino akagona chagada kwa kanthawi.

Kulemera kwa ndowa imodzi

Kodi kupanikiza kwa mkati mwa disiki n'kwakukulu motani? Woyamba kukuyeza mwa anthu amoyo anali dokotala wa ku Sweden, Alf Nachemson, m'zaka za m'ma 1960. Mu 1999, gulu la Hans-Joachim Wilke ku Ulm m'dziko la Germany linabwereza ntchitoyi ndi chipangizo chamakono chomwe linalowetsa m'disiki ya m'chiuno mwa mwamuna wazaka 45, n'kumuyeza kwa pafupifupi tsiku lathunthu.

Atagona chagada, kupanikizako kunali kochepa kwambiri. Ataimirira, kunachuluka kasanu, kupitirira mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono kawiri. Atanyamula katundu wa makilogalamu 20 miyendo ili chiwongokere, msana atapinda, kunachuluka ka 23. Atanyamula katundu yemweyo atapinda mawondo, kunatsikira pa ka 17, ndipo atamufungatira pafupi ndi thupi, kunafika pa ka 11 kokha. Usiku ali m'tulo, kupanikiza kwa mkati mwa disiki kunakwera kuposa kawiri, umboni woti disikiyo inali kuyamwa madzi.

Ziwerengerozi n'za munthu mmodzi, koma phunziro lake ndi la aliyense. Makilogalamu 20 ndiko kulemera kwa ndowa kapena chigubu cha malita 20 a madzi. Katoni ya pa Rye Lane ndi ndowa ya pamjigo zimafunsa msana funso limodzi: kodi katunduyu ali patali motani ndi thupi, ndipo msana wapindika motani pomunyamula?

Osamalira odwala ndi ogwira ntchito usiku

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri anthu omwe anapita ku Britain kukagwira ntchito yosamalira okalamba, makamaka pakati pa February 2022 ndi July 2025, pomwe boma la dzikolo linkalola kuti ogwira ntchitoyi ochokera kunja azilandira chiphaso chapadera. Ntchito yolemetsa kwambiri ya wosamalira odwala imagwa m'mawa: kutembenuza munthu pabedi, kumukhazika pampando, kumuthandiza m'bafa. Munthu si katoni. Alibe chogwirira, amatha kuterereka kapena kugwedezeka mwadzidzidzi, ndipo bedi la m'nyumba zambiri ndi lalifupi, lokakamiza womuthandiza kuwerama.

Wosamalira amene wayenda wapansi mpaka pa siteshoni ya Peckham Rye n'kukwera sitima amafika pantchito madisiki ataphwako. Amene amagona m'nyumba ya wodwalayo, n'kudzutsidwa pakati pa usiku kapena m'bandakucha kuti akamunyamule, ndiye amakumana ndi katundu msana ukadali wofufuma. Kwa munthu amene chiphaso chake chimadalira ntchito, ndipo abale kumudzi akudikira ndalama ya fizi ndi feteleza, kuvulala msana si nkhani ya ululu wokha.

Malamulo a ku Britain a mu 1992 okhudza kunyamula katundu pantchito amalamula olemba ntchito kupewa, momwe angathere, kunyamulitsa anthu zinthu zomwe zingawavulaze, kuunika ngozi yake ndi kuichepetsa. Pa ntchito yosamalira odwala, zimenezi zimatanthauza makina onyamulira munthu, nsalu zoterera zosunthira wodwala pabedi, mabedi okwezeka, ndiponso anthu awiri pomwe mmodzi sangakwanitse. Wogwira ntchito ali ndi ufulu wofunsa zipangizozi.

Kwa oyeretsa m'maofesi, alonda, anamwino ndi oyendetsa mabasi usiku, mfundo yofunika ndi yakuti disiki siyang'ana dzuwa. Imatsatira kugona ndi kudzuka. Amene wagona kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, m'mawa wa msana wake umayamba 4 koloko madzulo.

Umboni wochokera mumlengalenga

Ngati kupanikiza ndiko kumatulutsa madzi, kodi si bwino kungopumitsa msana kotheratu? Yankho likupezeka kwa anthu omwe amapita mumlengalenga, komwe thupi silikhala ndi kulemera. Kumeneko amatalika mpaka masentimita 5, ambiri amadandaula za msana m'masiku oyamba, ndipo kafukufuku wa mu 2010 pa oyenda mumlengalenga a ku America anapeza kuti disiki imawaphulikira kuwirikiza pafupifupi kanayi poyerekeza ndi anthu ena, makamaka akangobwerera padziko. Akatswiri a ku King's College London anagwira ntchito ndi bungwe la European Space Agency pokonza chovala chothina chomwe chimakanikiza thupi kuchokera m'mapewa mpaka kumapazi, ndipo Andreas Mogensen wa ku Denmark anachiyesa mumlengalenga mu 2015.

Disiki, tsono, imafuna zonse ziwiri: katundu ndi mpumulo, mosinthanasinthana. Mkati mwa disiki ya munthu wamkulu mulibe mitsempha ya magazi. Maselo ake ochepawo amadalira shuga ndi mpweya zomwe zimalowerera pang'onopang'ono kuchokera m'mafupa oyandikana nawo, monga momwe anaonetsera Jill Urban wa ku Oxford ndi anzake pa ntchito yawo ya zaka zambiri. N'chifukwa chake disiki ikavulala imachira mochedwa, ndipo kusuta fodya, komwe kumachepetsa kayendedwe ka magazi, kumaiwononga. Mu 2017, ofufuza a ku Australia anapeza kuti anthu omwe akhala akuthamanga kwa zaka zambiri anali ndi madisiki amadzi ambiri kuposa anthu osachita masewera.

Anthu a ku Peckham anamvapo uthenga wofanana ndi umenewu kalekale. Mu 1935, madokotala George Scott Williamson ndi Innes Pearse anatsegula nyumba ya Pioneer Health Centre pa St Mary's Road, yokhala ndi dziwe losambira ndi malo a masewera, pofuna kuphunzira thanzi la mabanja m'malo mongodikira matenda. Nyumbayi inatsekedwa mu 1950, koma lero malangizo a boma la Britain kwa madokotala, omwe bungwe la NICE linatulutsa mu 2016, akunena kuti wodwala msana alimbikitsidwe kupitiriza ntchito zake za tsiku ndi tsiku ndi kuchita masewera olimbitsa thupi.

Disiki youma si chiweruzo

Anthu ena akajambulidwa ndi makina a MRI n'kuuzidwa kuti disiki yauma kapena yatuza, amataya mtima. Koma kuunika kwa mu 2015, komwe kunasonkhanitsa zithunzi za anthu oposa 3,000 osamva ululu uliwonse, kunapeza zizindikiro za kutha kwa disiki mwa anthu 37 pa 100 alionse azaka 20, ndi 96 pa 100 alionse azaka 80. Kuuma kwa disiki kumabwera ndi zaka, ngati imvi. Kafukufuku wa mapasa wa pachipatala cha St Thomas' ku London, wa mu 1999, anasonyezanso kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kusiyana kwa anthu pa kutha kwa madisiki ndi kwa kumtundu.

Mawu omwe amamveka kawirikawiri ku Britain, oti disiki yaterereka, nawonso ndi osokeretsa. Disiki inamatirira zolimba ku mafupa ndipo sichoka pamalo pake. Chomwe chimachitika n'chakuti khoma lake limang'aluka, phala n'kutuluka, nthawi zina n'kukhudza mtsempha wopita kumwendo. Ambiri amapeza bwino m'masabata kapena miyezi ingapo popanda opaleshoni. Kumwa madzi okwanira n'kofunika ku thupi lonse, koma madzi a m'disiki amalamulidwa ndi kukokanakokana kuja, osati ndi kuchuluka kwa makapu omwe munthu wamwa.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi ululu wa msana wa m'chiuno, ndipo vutoli ndilo likutsogola polepheretsa anthu kugwira ntchito padziko lonse. Kwa ambiri, sikutheka kuloza chinthu chimodzi chomwe chikuyambitsa ululuwo, ndipo disiki ndi mbali imodzi chabe ya nkhaniyi.

Zomwe munthu angachite

Kuchokera pa zonsezi, pali mfundo zingapo zosafuna ndalama. Yoyamba ndi kupatsa msana ola loyamba. Amene angathe, ayambe tsiku ndi ntchito zoimirira ndi kuyenda, n'kusiya zowerama kwambiri ndi zonyamula zolemera kuti zibwere pambuyo pake. Mlimi amene amayenda wapansi mtunda wautali popita kumunda amakhala atachita kale zimenezi. Amene amasesa pabwalo atangotuluka m'nyumba angapindule ndi tsache lokhala ndi mtengo wautali.

Yachiwiri ndi kuyandikiza katundu kuthupi, kupinda mawondo ndi kupewa kupotoloka katundu ali m'manja. Pomwe pali mnzako wothandiza kutwika kapena kutula, palibe chamanyazi kumuitana. Yachitatu ndi kusinthasintha: wokhala pampando nthawi yaitali aziimirira, woimirira nthawi yaitali azikhala kapena kugona pang'ono. Amene wagona masana kwa ola kapena kupitirira asafulumire kunyamula cholemera akangodzuka, chifukwa disiki imakhala itayambanso kufufuma.

Pali zizindikiro zomwe sizifuna kudikira. Dzanzi pakati pa miyendo, kumaliseche kapena kumatako, kulephera kukodza kapena kulephera kusunga mkodzo ndi chimbudzi, ndiponso kufooka kapena dzanzi la miyendo yonse iwiri, zingatanthauze kuti mitsempha ya kumunsi kwa msana yapanikizika, ndipo kuchedwa kungasiye chilema chosatha. Ku Britain munthu wotere aimbe 999 kapena apite ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi. Kwa anthu a ku Peckham chapafupi ndi cha King's College Hospital ku Denmark Hill. Kumudzi apite msanga kuchipatala cha boma chapafupi, chomwe chingamutumize ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe kapena University Teaching Hospital ku Lusaka.

Ululu wa msana wophatikizana ndi kuwonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku, kapena wosaleka ngakhale munthu atagona, uyeneranso kuonedwa ndi dokotala, chifukwa chifuwa chachikulu cha TB chimagwiranso mafupa a msana, ndipo chimachizika chikapezeka msanga.

Amene akufuna kudzionera yekha angachite zomwe anachita mbusa wa ku Aynho zaka 300 zapitazo: kuima chotsamira khoma atangodzuka, wina n'kulemba chizindikiro pamwamba pa mutu, kenako kubwereza madzulo asanagone. Mpata wa pakati pa zizindikiro ziwirizo, pafupifupi kunenepa kwa chala chimodzi, ndiwo madzi omwe msana wataya pogwira ntchito ya tsikulo, ndipo udzawabweza usiku.